Zimene Amuna Anga Anaona M'chitsime

Chivomezi chinatipeza tili kunazale, mwezi wa Okutobala, dzuwa litangopendeka. Ine ndinali ndi keni m'manja, ndikuthirira mbande za fodya. Poyamba ndinayesa lole yolemera ikudutsa, koma kwathu kuno, cha ku Chulu, msewu wa malole uli kutali. Kenaka madzi anayamba kukhavukira pamapazi panga ine nditangoima. Nkhuku zinabalalika, mayi wina anakhala pansi n'kuyamba kupemphera mokweza. Sizinatenge nthawi. Pamene tinkayang'anana kuti tifunsane, n'kuti zitatha kale.

Aliyense anathamangira kwawo. Ine sindinathamangire kukanyumba kathu kaudzu. Ndinalunjika kunyumba ya bambo, chifukwa pamudzi pathu chinthu choti munthu n'kuchidera nkhawa chinali chimenecho.

Zinali zaka zoyambirira za makuponi a feteleza. Chimanga chinadzaza nkhokwe zaka ziwiri zotsatizana, ndiye fodya wa bambo, m'malo mothera kuchakudya monga mwa nthawi zonse, anasanduka malata. Njerwa anaumba okha kudambo, anaotcha okha, ndipo mmisiri akamanga iwo ankaima pambali n'kumamuuza zochita ngati kuti anamangapo. Inatuluka nyumba ya zipinda zitatu, ya khonde la simenti. Bambo anali atagona pansi pa udzu kuyambira kubadwa mpaka imvi. Tsiku lolowa m'nyumbamo anavala jekete lawo la ku Mgonero, kunja kukutentha koopsa, ndipo palibe anaseka.

Nyumba tinaipeza ili chilili. Mng'alu unali pabwalo. Unayambira pafupi ndi chitsime, n'kudutsa pansi pa thandala la mbale, n'kukathera m'munda wa mtedza. Unali woti chala n'kulowa, ndipo kuchokera pakhonde unatalikira mapazi asanu ndi limodzi. Anthu anabwera kudzaona mpaka ochokera midzi ina, ataimika njinga zawo pamtengo wa mango. Bambo, amene anali mkulu wa mpingo, Lamulungu lotsatira anaimirira m'tchalitchi kupereka umboni. Anati nthaka inang'ambika, inabwera molunjika kwa iwo, koma itafika pakhomo pawo inapatuka. Anthu anaimba nyimbo, amayi ena analira. Inenso ndinalira, ndisaname. Lolemba bambo anathira dothi mumng'alumo n'kupondaponda mpaka panasalala.

Amuna anga anali okumba zitsime. Anabwera ku Kasungu ali wamng'ono, makolo awo atachoka kum'mwera kudzagwira utenanti pa esiteti, ndipo ntchito ya zitsime anaiphunzira komweko. Atandikwatira anadzakhala kwathu, chikamwini. Bambo sanawakane, koma sanaiwale kuti ndi mwana wa tenanti. Iwonso bambo anali mkamwini pamudzipo, poti malo anali a kwa mayi, koma zaka zinali zitawaiwalitsa zimenezo.

Kwathu ulemu wa apongozi tinkausunga ndithu. Amuna anga akaona mayi akubwera panjira ankapatukira kutchire mpaka adutse. Sankawayang'ana kumaso, sankadya iwo akuona. Ndi bambo ankangopatsana moni, iwo atanyonyomala chapatali. Nkhani iliyonse yeniyeni inkayenda njira imodzi: amuna anga auze ine, ine ndiuze mayi, mayi auze bambo. Ngakhale kubwereka nkhwangwa kunkayenda choncho. Sindinkaona vuto lililonse, ndipo ndinkanyadira kuti ndinakwatiwa ndi munthu wa mwambo.

Chivomezi chitapita, madzi a m'chitsime anafiira, kenaka anatsika mpaka ndowa inkabwera ndi matope okhaokha. Mbande za fodya sizidikira munthu, masiku awiri osathirira ndiye kuti chaka chatha. Amuna anga anamanga chingwe pamtanda n'kutsikiramo ndi piki kuti akachionjezere, ine ndili pamwamba kukoka ndowa ya dothi. Ndinamva piki kawiri katatu, kenaka zii. Ndinadikira. Chingwe sichinagwedezeke. Ndinaitana, anayankha kuti ali bwino, koma anakhalamobe nthawi yaitali osakumba. Atatuluka sanapukute ngakhale matope kumaso.

"Kanditengereni kalilole wanu," anatero.

Ndinawaseka, ndinati kodi akazi ena ali m'chitsimemo oti mudzikongoletsere? Sanaseke. Anadikira dzuwa lifike paliwombo, n'kundiuza kuti ndigone chafufumimba m'mphepete mwa chitsime. Anapendeketsa kalilole uja, kuwala kunatsika m'khoma la chitsime mpaka pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona mkati mwa nthaka imene ndinabadwirapo. Pamwamba panali dothi lakuda, lija timalima. Pansi pake katondo wofiira, wakuya kuposa msinkhu wa munthu. Kenaka mchenga wosakanikirana ndi timiyala, kenaka mwala wofumbutuka, ndipo pansi penipeni thanthwe.

"Yambirani pansi," anatero. "Pathanthwepo mukuona chiyani?"

"Mzere umodzi."

"Umodzi wokha. Mwala wathyoka pamenepo, mbali iyi yatsika ngati zala ziwiri. Ndaikapo dzanja. Tsopano kwerani nawo."

Anakweza kuwala pang'onopang'ono. M'mwala wofumbutuka mzere uja unapendekeka, sunakwerenso choongoka. Mumchenga unasowa, panangooneka kuti mchenga wa pamenepo wafewa, ukuyoyoka wokha. Utalowa m'katondo unaonekanso, koma sunali umodzi ayi. Unagawikana patatu ngati phazi la nkhuku.

"Mwala umathyoka kamodzi n'kwi," anatero amuna anga. "Koma dothi silithyoka msanga, limayamba lapindika. Mng'alu ukachoka pamwala suyenda njira yoongoka, umafuna pofewa. Chala ichi ndi chija chinatulukira pabwalo, chimene abambo akwirira. Ichi chaching'ono chathera panjira. Koma onani ichi."

Chachitatu chinali chachikulu kuposa zinzake. Chinakwera mopendekeka n'kuima patatsala mkono umodzi kuti chifike pamwamba. Pamwamba pake dothi lakuda linali losang'ambika, longopindika pang'ono. Munthu woyenda pabwalo sakanadziwa kanthu.

Anatenga bango lalitali n'kuligoneka pakamwa pa chitsime, kulinganiza ndi mmene mng'aluwo unaonekera mbali iyi ndi mbali iyo. Anandiuza kuti ndiyang'ane kumene bangolo likuloza. Linkaloza pangodya ya chipinda chakum'mawa, mmene bambo ndi mayi ankagona.

Ndinakana. Ndinati bango ndi bango, likhoza kuloza kulikonse. Sanatsutsane nane. M'mawa mwake bambo ndi mayi atapita kukaima pamzere wa makuponi, ananditengera pakhonde la nyumbayo n'kuthira madzi a m'kapu pasimenti. Khonde limenelo ndinkalikolopa ndine, ndinkadziwa kuti madzi ake amatsikira kunja, kubwalo. Tsiku limenelo madziwo anaima kaye, kenaka anayenderera kukhoma la chipinda chija n'kukhazikika pamenepo.

"Mvula ikabwera," anatero, "madzi adzalowa m'katondo, adzatsata mng'alu uja. Dothi likafewa, chimene chatsala chija chidzatulukira. Chidzatulukira pansi pa khomali, ndipo khomali anamangira matope. Mukawauze amayi kuti mvula isanayambe asamuke m'chipinda chino. Khomali aligwetse okha njerwa zikadali zabwino, ine ndidzawathandiza kumanganso. Akakana kugwetsa, bola asagonemo."

Ndinangoti chabwino.

"Mukanene mmene ndaneneramu," anawonjezera. "Musachotsepo kanthu."

Ine pakamwa panga si paulesi. Ogulitsa kaunjika kumsika wa kwathu amandidziwa, ndipo kumvano nkhani ikavuta ankati ndilankhule ndine. Koma madzulo a tsikulo, nditapeza mayi atakhala pamphasa akusenda mtedza wa mbewu, lilime linalemera. Bambo anali m'nyumba, akuimba chapansipansi nyimbo ya m'buku, makuponi awo atapeza. Ndinakumbukira jekete lija. Ndinakumbukira umboni uja, anthu atadzaza tchalitchi. Ndinadzifunsa kuti ndiyambire pati kunena kuti nthaka sinapatuke, kuti inangobisala, ndipo wanena zimenezo ndi mwana wa tenanti ali ndi kalilole ndi bango. Ndinkaopa kuti bambo apsa mtima n'kunena mawu amene banja langa silikanawapirira. Panalinso china chimene ndimachita nacho manyazi kuposa zonse. Nyumbayo ndinkaikonda. Ndinkakonda anthu akamanditchula kuti mwana wa panyumba yamalata, ndipo sindinkafuna kuiona ili chigumukire mbali imodzi anthu akuloza.

"Amayi," ndinatero, "bambo a kunyumba akuti nthaka mwina sinakhazikike bwinobwino. Akuti ndi bwino kumayang'anako khoma la kuchipinda kwanuko mvula ikayamba."

Mayi anandiyang'ana kanthawi, manja ataima.

"Basi zomwezo?"

"Zomwezo."

"Ndamva, mwanawe. Ndiwauza abambo ako akadya."

Mayi nawo ankawadziwa amuna awo. Zimene anakanena ndinazimva ndekha ndili kuseri kwa khitchini. Anati akamwini akupempha kuti pabwalo paja tizirepo bwino, madzi a mvula asamalowe. Bambo anaseka, osati mwankhanza. Anati wokumba maenje wayamba kuphunzitsa anthu za nyumba, koma poti wanena mwaulemu, achita. Tsiku lotsatira anathirapo wilibala ina ya dothi.

"Mwanena?" amuna anga anandifunsa.

"Ndanena."

"Zonse?"

"Zonse."

"Ati chiyani?"

"Ati amva."

Amuna anga anadikira sabata yathunthu, kuyang'ana ngati bedi lituluke m'chipinda muja. Silinatuluke. Anapita kukadula mitengo iwiri yabulugamu yochirikizira khoma, n'kuisenza okha mpaka kunyumba. Koma mkamwini sangafike n'kutsamiritsa mtengo pakhoma la apongozi asanauzidwe. Anaigoneka kuseri kwa khitchini, poonekera, n'kundituma kuti ndinene ntchito yake. Ndinauza mayi kuti pali mitengo ngati ingafunike. Bambo anaiona, anayamikira kuti ndi yoongoka, n'kukaimika pachigafa cha fodya pamene panali mzati wodyedwa ndi chiswe.

Mvula inabwera bwino chaka chimenecho. Tinaokera fodya, tinabzala chimanga, tinathira feteleza, ntchito inatimeza tonse. Cha m'Disembala chitseko cha chipinda chija chinayamba kukanika kutseka. Bambo anati matabwa afufuma ndi chinyezi, n'kuchipala m'munsi. Mu Januwale kamng'alu kopyapyala kanaoneka pamwamba pa zenera, mayi anamatapo dothi n'kupaka laimu. Zonsezi ndinkaziona. Tsiku lililonse ndinkati mawa ndinena, ndidikire bambo akhale okondwa, ndidikire tithane ndi kupalira. Amuna anga anasiya kundifunsa. Ankangoti akamadutsa pabwalo n'kuchepetsa liwiro, maso ali m'munsi mwa khoma. Tsiku lina anati apite okha akalankhule ndi bambo, ine ndinawaletsa. Ndinati akatero adzaoneka ngati akunyoza yankho limene anapatsidwa kale. Anandimvera, chifukwa ankakhulupirira kuti yankho linaperekedwadi.

Mu Febuluwale kunagwa mvumbi wa masiku asanu osalekeza. Mayi anadwala malungo, ndiye tsiku lachisanulo sanabwere kuchigafa. Anatsala atagona kuchipinda, ife tonse tikusoka fodya, bambo, amuna anga kumapeto kwina, ndi ine. Inali nthawi ya masana. Phokoso lake silinali lalikulu. Linali ngati munthu wakhuthula ngolo ya njerwa chapatali, kenaka malata analira.

Amene anayamba kufika ndi amuna anga. Khoma lakum'mawa linali litagwera mkati pamodzi ndi ngodya yake, denga litawerama. Analowera pomwe panagumukapo n'kuyamba kuchotsa njerwa ndi manja. Bambo anangoima pamvula, kukamwa kuli yasa. Mayi tinawapeza ali moyo, kuyambira m'chiuno kutsika atakwiririka. Munthu amene kwa zaka zisanu ndi ziwiri ankapatukira kutchire akawaona akubwera anawanyamula m'manja mwake, nkhope ndi nkhope, n'kuwabereka kumsana mpaka pangolo. Palibe anakumbuka za mwambo. Kuchipatala anati fupa la m'chiuno lathyoka moipa.

Mvula itakata ndinapita kukaona ndekha. Pamene panali khoma, nthaka inali itapanga kasitepe, mbali ina yotsika, mbali ina yokwera. Mng'alu unali utatulukira motsata maziko, kuchokera pangodya mpaka pansi pa zenera. Ndinaima pamenepo n'kuyang'ana kuchitsime, ndipo unali mzere womwe uja.

Mayi anakhala kuchipatala pafupifupi mwezi. Atatuluka tinawagoneka kunyumba kwathu, kaudzu kaja, poti kunalibe kwina. Madzulo ena ndikuwamwetsa phala pakhonde, bambo anabwera n'kukhala pampando. Amuna anga anali pabwalo akukonza mpini wa khasu, ndipo ataona apongozi akhala, anadzuka kuti achoke.

"Akamwini," bambo anaitana. "Bwerani mukhale apa."

Kanali koyamba kuwaitana okha, osadzera mwa munthu. Amuna anga anabwera n'kunyonyomala pafupi ndi mzati.

"Anthu akundifunsa," anatero bambo, "ndipo ine ndikusowa chowayankha. Akuti wokumba chitsime amaona za pansi. Inu munalowa m'chitsime muja chivomezi chitangochitika. Munaonamo chiyani?"

"Ndinaona ming'alu, bambo."

"Munadziwa kuti wina ukupita pansi pa nyumba yanga?"

Amuna anga anayankha motsitsa mawu.

"Ndinaganiza choncho."

"Munaganiza choncho. Ndiye n'kutuma mawu akuti tizire pabwalo? Mkazi wanga akugona pansi pa khoma loti ligwa, inu mukudziwa, n'kutuma mawu a dothi la pabwalo?"

Bambo sanakweze mawu. Zikanakhala bwino akanakuwa. Ndinaona nkhope ya amuna anga pamene ankamva, kwa nthawi yoyamba, chimene chinafika kwa bambo m'malo mwa uthenga wawo. Sanatembenukire kwa ine. Anangoyang'ana pansi, pakati pa mapazi awo, nthawi yaitali ndithu. Supuni inali m'manja mwanga, phala likudontha. Dzanja la mayi linatuluka m'bulangete n'kundigwira pamkono mwamphamvu. Mpaka lero sindidziwa ngati ankandiuza kuti ndilankhule kapena kuti ndikhale chete. Sindinawafunsepo, iwonso sanandiuze.

"Ndinalakwa, bambo," anatero amuna anga. "Sindinanene bwino."

Ine ndinali pomwepo, ndi pakamwa panga pomwe paja. Sindinanene kanthu.

Bambo anagwedeza mutu n'kudzuka. Chaka chotsatira anatola njerwa zimene zinapulumuka n'kumanga kanyumba ka zipinda ziwiri kumtunda, pafupi ndi khola. Malo omangapo anakafunsa munthu wina wa mudzi woyandikana nawo, amene sanalowepo m'chitsime chibadwire. Amuna anga anangondiuza kuti malowo ali bwino, n'kututa njerwa pawilibala kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza. Ine ndinkadikira kuti tsiku lina andifunsa, kapena andikalipira, kapena alongedza katundu n'kubwerera kwa abale awo. Ndinkafuna atandikalipira. Sanatero, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa ndodo.

Mayi anakhala zaka zina zitatu. Sanapondenso kumunda. Ankakhwekhwereza thupi kuchoka pamphasa kupita padzuwa, n'kumasankha mbewu, n'kumalera zidzukulu atakhala pansi. Amene ankawanyamula kupita nawo kutchalitchi panjinga anali amuna anga, akuikankha wapansi ulendo wonse kuti isawagwedeze. Ulemu wothawana uja sunabwererenso pakati pawo, ndipo mayi ankawatchula kuti mwana wanga. Ine ndinkawasambitsa ndi kuwatembenuza, ndipo nthawi zambiri tili awiri ndinkatsegula pakamwa kuti tikambe za madzulo a mtedza aja. Mayi ankayamba nkhani ina msanga. Ndikuganiza kuti nawonso anali ndi katundu wawo.

Mayi atamwalira, bambo anafooka msanga. Ndinadziuza kuti maliro akatha ndiwauza, kenaka ndinati akapezako bwino. Munthu akakalamba umamuopa mwa mtundu wina, umaopa kumusiya wopanda chotsamira. Anali atataya nyumba, atataya mkazi, ndipo ndinkaona ngati ndikanena atayanso mwana. Mwina zimenezo zinali zoona. Mwina ndinkangodziteteza, monga poyamba paja. Ndayesa kulekanitsa ziwirizi zaka zonsezi ndipo ndalephera.

M'matenda awo omaliza, amuna anga ndiwo ankawatulutsa panja m'mawa uliwonse kuti aothere dzuwa, n'kuwameta ndevu, n'kuwabwezeranso m'nyumba. Tsiku lina atawagoneka bwino n'kutuluka kupita kukakumba chitsime kumudzi wina, bambo anawatsatira ndi maso mpaka anazimiririka kuseri kwa khola. Kenaka anandikodola kuti ndiyandikire. Mawu awo anali atachepa kwambiri, moti ndinachita kuwerama.

"Amuna akowa ndi munthu wabwino," anatero. "Ndawakhululukira, ukawauze. Koma pakamwa pawo m'polemera, mwana wanga. Akanangonena zoona tsiku lija, amako bwenzi atafa akuyenda."

Ndinati, "Inde, bambo," n'kuwafunditsa bulangete kumapazi. Anamwalira Lachinayi la sabata yomweyo.